Wina watenga nkhongole ndi reji yanga, ndiyambire pati?

Funso

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kunjira ya ku Chadiza. Mwezi wa Epulo, ndili pa msika wa Kapata ku Chipata, anandisolola kachikwama momwe munali reji (chitupa cha unzika), foni ndi khadi la kubanki. Khadilo ndinatseketsa tsiku lomwelo, koma simu ndinakabwezeretsa patatha masabata awiri chifukwa ndinali kumudzi pa holide. Pa pesilipi ya Julayi ndangoona akundidula K1,150, akuti ndi nkhongole ya K25,000 ku kampani imene sindinapondeko n'komwe. Palinso tinkhongole tiwiri ta pafoni, ndipo olondola ndalama ayamba kuimbira amuna anga. Kukampaniko anandiuza kuti siginecha ndi yanga, ndingolipira. Kunyumba nako mtendere watha, abambo akuganiza kuti ndinakongola mobisa. Kodi ndilipire kuti zithe? Nanga nambala ya reji ndingasinthe? Anzanga akuti ndiwayalutse pa Facebook.

Yankho

Pepani mayi, zakugwerani zolemera. Mafunso anu atatuwo mayankho ake ngaafupi. Musalipire ndi dzanja lanu ngakhale ngwee imodzi. Nambala ya reji muiwaleko zoisintha. Za Facebook ziyambe zaima. Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: dzina lanu alidetsa ndi mapepala, ndipo lidzayera ndi mapepala. Ndinakhalapo zaka zingapo pa desiki yolandira madandaulo m'bungwe lobwereketsa ndalama. Kulira, kulumbira, kutchula Mulungu ndi malemu amayi, zonsezo tinkazimva tsiku lililonse, kwa onena zoona ndi onama omwe, ndipo tikaweruka sizinkatsala paliponse. Chimene chinkatsala pa tebulo, choti abwana akafunsa tiyankhe, ndi kalata yodindidwa.

Chifukwa chokanira kulipira nachi. Ndalama imene akukudulani pa pesilipi ikuchoka inu osavomera, ndipo aliyense woona fayilo adzazindikira zimenezo. Koma mukapita nokha kukaponya kangachepe kuti asiye kuimba, kapena mukasaina pepala loti akutalikitsireni nthawi yobwezera kuti azidula pang'ono, mwawapatsa umboni woti nkhongoleyo mukuidziwa. Pepala lotalikitsa nthawilo ndilo msampha woipitsitsa, chifukwa amabwera nalo ndi nkhope yachifundo. Siginecha yoyambayo ndi yabodza. Yachiwiriyo idzakhala yanu yeniyeni.

Musanayambe kulimbana ndi zomwe zatayika kale, tsekani chitseko, poti wakubayo mwina akadali m'nyumba. Masabata awiri amene simu yanu inali m'manja mwake ndi nthawi yaitali kwambiri. Masiku ano nambala ya foni ndiyo kiyi wa zonse: tinambala tachinsinsi totsimikizira kuti ndinu timabwera pa meseji, ndipo wogwira simu ndiye amatilandira. Mwina mukudzifunsa kuti pini yanu anaidziwa bwanji. Ndikufunseni: si chaka chanu chobadwa kodi? Ngati ndi choncho, sanavutike, chifukwa tsiku lobadwa lalembedwa pa reji yomwe inali m'kachikwama momwemo. Sinthani pini ya ndalama za pafoni, ya khadi latsopano, ndi mawu achinsinsi a imelo, a Facebook ndi a pomwe mumatsegulira pesilipi. Imelo musaiiwale, anthu ambiri amaidumpha, chonsecho ndiko kumene zina zonse zimatumiza makalata osinthira mawu achinsinsi. Pa WhatsApp ikani pini ya manambala 6 yotsimikizira kawiri.

Kenako pitani ku ofesi yeniyeni ya kampani ya foni yanu m'tauni, osati pa kabuthi ka pamsewu. Atsikana a m'mabuthi ntchito yawo ndi kuika ndi kutulutsa ndalama, zolemba za akaunti yanu alibe. Ku ofesiko pemphani zinthu ziwiri zolembedwa: sitetimenti ya ndalama za pafoni kuyambira tsiku lomwe munaberedwa, ndi chotsimikiza tsiku limene munabwezeretsa simu. Mapepala awiriwa ndiwo adzathetse tinkhongole ta pafoni tija, chifukwa adzaonetsa kuti tinatengedwa simu ili kwa wina, ndipo adzaonetsanso nambala kapena buthi kumene ndalamazo zinatulukira.

Muli pomwepo, fufuzani manambala onse amene analembetsedwa ndi reji yanu. Mutha kuyamba ndi *101# pafoni panu, koma afunseninso a mu ofesimo, ndipo muchite chimodzimodzi ku Airtel, ku MTN ndi ku Zamtel, ngakhale kumene simunakhalepo ndi simu. Nambala iliyonse yosaidziwa muitseketse, akupatseni cholembedwa. Ichi sichaching'ono. Mameseji aja tonse timalandira, akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta," amachokera pa masimu olembetsedwa m'maina a anthu osalakwa, ndipo wina akaberedwa, apolisi amayamba kugogoda kwa mwini reji. Ena mwa masimu amenewa sachokera n'komwe ku zitupa zobedwa. Munthu ukugula simu pamsewu, wolembetsa akukujambula, kenako akuti "netiweki yavuta, imaninso bwino ndikujambuleninso." Wajambulidwa kawiri, walembetsa masimu awiri, wapita kunyumba ndi imodzi. Kampani ya foni ikakuzengerezani, woyang'anira makampani amenewa ndi ZICTA. Nambala yawo yaulere ndi 7070, ndipo manambala a akathyali mungawanenere pa *707#.

Tsopano kupolisi. Simunanene ngati munakapereka lipoti mu Epulo. Ngati munatero, pepala limenelo lisungeni ngati mbewu, pakuti tsiku lake lili patsogolo pa tsiku la nkhongole, ndipo palibe angakunamizireni kuti mwapeka nkhaniyi mutaona pesilipi. Ngati simunapite, pitani tsopano ku Chipata Central ndipo mukanene masiku monga anachitikira. Musayese kukonza tsiku kuti nkhani ikome. Zolemba za kampani ya foni zidzakutsutsani, ndipo bodza limodzi laling'ono lidzaononga zoona zonse. Kumbukirani kuti nkhani zili ziwiri. Kutaya reji ndi ina. Kuti munthu wadzitcha inu, wapeka siginecha, watenga ndalama mwachinyengo, imeneyo ndi milandu payokha pa malamulo a dziko lino, ndipo iyenera kulembedwa payokha. Musatuluke musanatenge nambala ya m'buku lawo la zochitika, imene amaitcha OB, ndi dzina la wapolisi amene wapatsidwa nkhani yanu. Chilichonse chimene mwalipira, chikhale ndi lisiti la boma. Mukachoka apo, kalumbireni kalata pamaso pa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa kulumbiritsa anthu, kukhoti amapezeka, yonena mwachidule kuti munaberedwa liti, kuti, ndipo kuti nkhongole zakutizakuti simunatenge, simunatume munthu, ndalama zake simunalandire.

Apa pali chinthu chimene chikundivuta m'nkhani yanu, ndipo ndibwino ndikuuzeni poyera. Reji yokha siikwana kutengera nkhongole yodula pa malipiro a boma. Obwereketsa amafuna mapesilipi a miyezi yaposachedwa, sitetimenti ya kubanki, kawirikawiri kalata yochokera kwa okulembani ntchito, ndi chithunzi. Zimenezi sizinali m'kachikwama. Ndiye zinachokera kuti? Mwina zinali mufoni: aphunzitsi ambiri amasunga zithunzi za mapesilipi pa WhatsApp, kapena foni imakumbukira yokha mawu achinsinsi. Mwina munasiyapo mapepala otere kwina, pofunsira nkhongole ina imene simunaitenge, kapena pa kashopu kosindikizira mapepala kumene mafayilo a anthu amangokhala mukompyuta chaka ndi chaka. Mwinanso pali wina wa mkati, mwa aja amayenda m'masukulu kusaka makasitomala nalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa omwe awakopa. Nkutheka ndithu kuti wakuba wa ku Kapata ndi wina, wa K25,000 ndi winanso. Sindikuti muyambe kuloza anthu zala. Ndikuti khalani pansi ndi pepala, mulembe malo onse amene munasiyako kope la reji kapena pesilipi m'zaka ziwiri zapitazi, mukapatse wapolisi wanu.

Kalata yopita kwa obwereketsa ndiyo mtima wa nkhondo yonseyi, choncho ndikhalitsapo. Ilembeni m'Chingerezi, poti ndicho cha m'maofesi, ndipo ipite kwa mkulu wa nthambi, osati kwa kalaliki amene anakuyankhani pakamwa uja. Isapitirire tsamba limodzi. Munene kuti nkhongole nambala yakuti mukuikana, simunaifunsire ndipo simunalandire ndalama zake. Kuti mwakanena kupolisi, OB yake nayi. Kuti aimitse kudula ndi chiwongoladzanja pamene akufufuza. Kuti asiye kuimbira abale anu. Ndiyeno muwapemphe akupatseni makope a zonse zimene anagwiritsa ntchito: fomu yofunsira, chitupa chimene anaonetsedwa, chithunzi cha wofunsirayo, tsiku ndi malo, dzina la wogwira ntchito amene analandira mapepalawo. Koposa zonse, akuuzeni akaunti kapena nambala ya foni kumene K25,000 inatumizidwa. Lamulo loteteza zokhudza munthu, Data Protection Act ya 2021, limakupatsani ufulu woona zimene bungwe likusunga zokhudza inu ndi kuuza kuti zolakwika zikonzedwe, ndiye simukupempha chifundo. Tengani makope awiri. Limodzi asunge, linalo adinde, alembe tsiku, asaine, mubwerere nalo. Akakana kudinda, lembani dzina la wokanayo ndi nthawi, mutumize kalata yomweyo pa imelo ya kampaniyo tsiku lomwelo.

Funso la kumene ndalama zinapita ndilo limene kalaliki sangalizembe. Siginecha anthu angakangane mpaka dzuwa kulowa, makamaka poti wakubayo anali ndi reji yanu yoti aoneretu mmene mumasainira. Koma ndalama imasiya mapazi. Ngati inalowa mu akaunti yomwe si yanu, kapena yotsegulidwa m'dzina lanu masiku ochepa nkhongole isanatuluke, nkhani yatha theka. Ngati inalowa pa nambala yanu ya foni m'masabata awiri aja, pepala la tsiku lobwezeretsa simu lidzakuyankhirani. Tengani sitetimenti ya ku banki yanu ya malipiro kuyambira Epulo mpaka lero, ioneke poyera kuti ndalama yotere sinalowemo.

Ndikukumbuka fayilo ina imene inafika pa desiki panga. Mayi wina, wogwira ntchito m'boma ngati inu, anakhala akubwera miyezi itatu, akumuuza mawu omwewo akuti siginecha ndi yanu. Tsiku limene analemba kalata, tinakakamizika kutsitsa fayilo pa shelefu. Kope la reji linali lakuda bii pamalo pa nkhope, ngati pansi pa mphika, moti sukanadziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Pa fomu, dzina la mudzi wake linalembedwa molakwika, mmene mwini mudzi sangalembere. Nambala ya wachibale woti aimbiridwe inali yosagwira. Zonsezi zinali mufayilomo kuyambira tsiku loyamba, koma panalibe amene anatsegula, chifukwa panalibe pepala lomukakamiza kutsegula. Ndinachita manyazi, poti inenso ndinali mmodzi mwa omuyankha pakamwa.

Inu muli ndi mboni ina imene ambiri alibe: buku limene mumasaina m'mawa uliwonse kusukulu. Mukadziwa tsiku limene akuti munabwera kudzasaina fomu, kaoneni m'bukumo. Ngati linali tsiku la sukulu ndipo munasaina m'mawa ndi poweruka, ahedi alembe kalata yotsimikiza. Afunseninso ngati ofesi yawo inatulutsapo kalata yokudziwitsani kwa obwereketsa amenewa. Akati ayi, ndiye kuti chidindo cha sukulu nachonso chinapekedwa, ndipo nkhaniyi yakhudza sukulu, sili yanu nokha.

Za kudula pa malipiro ndisakunamizeni, sikuima msanga. Malipiro a boma amayendetsedwa ndi PMEC, ndipo kawirikawiri kudula kumaima obwereketsa eni ake akatumiza mawu oti kuime. Komabe lembani kalata kudzera kwa ahedi kupita ku ofesi ya DEBS, mkulu wa maphunziro m'dera lanu, kwa oona za ogwira ntchito, muphatikize makope a lipoti la apolisi, kalata yolumbira ndi kalata yodindidwa ija. A yuniyoni yanu apatseninso kope. Mumawadulira mwezi ndi mwezi, ino ndiyo nthawi yoti agwire ntchito. Pesilipi iliyonse yodulidwa isungeni, chifukwa pamapeto mudzafuna zonse zibwezedwe, osati kungoimitsa.

Obwereketsa akakhala chete kapena akakuyankhani zosamveka, kwerani pamwamba. Mabanki, makampani obwereketsa ndalama zing'onozing'ono ndi a ndalama za pafoni ali pansi pa Bank of Zambia, ndipo mndandanda wa omwe ali ndi chilolezo umapezeka pa tsamba lawo la pa intaneti. Iwo amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa eni ake, n'chifukwa chake chidindo chija n'chofunika. Simufunika kukwera basi kuyenda makilomita oposa 500 kupita ku Lusaka. Dandaulo limapita pa imelo, mapepala mutawajambula bwino. A CCPC, oteteza ogula, nawonso amalandira madandaulo otere, ndipo zikafika pofuna loya, a Legal Aid Board ali ndi ofesi ku Chipata konkuno. Dziwani chabe kuti ngati wobwereketsayo ndi wa kaloba, kapena wa chilolezo cha kukhoti chabe, Bank of Zambia siimuyang'anira. Ameneyo njira yake ndi polisi ndi khoti.

Pali malo ena kumene dzina lanu ladetsedwa inu osaona. Obwereketsa amatumiza mbiri ya okongola ku bungwe losunga mbiri ya nkhongole, limene anthu amangoti CRB. Kuno ndi TransUnion. Tinkhongole ta pafoni tija, ngakhale tikhale ta K200, tikakhala osabwezedwa tingakulembetseni ngati munthu wosabweza, ndipo mudzazidziwa tsiku limene mukufuna nkhongole yeniyeni ya malata kapena ya fizi ya mwana. Lamulo la Credit Reporting Act la 2018 limakulolani kuona lipoti lanu ndi kutsutsa zolakwika. Litengeni tsopano, chifukwa lingakuonetseni nkhongole zina zimene simunazimve n'komwe. Tsutsani molemba, ndipo mudzalitengenso pakatha miyezi itatu kuti muone ngati zachotsedwadi.

Samalani kwambiri ndi mawu a m'kalata yomaliza. Kampani ikaona kuti yagwidwa, imakonda kulemba kuti nkhongole "yatsekedwa" kapena "yabwezedwa yonse." Imeneyo musailandire. Mawu otero akutanthauza kuti inali yanu, mwangomaliza kulipira, ndipo miyezi imene inaoneka yochedwa idzatsalabe pa mbiri yanu. Kalata yoyenera inene kuti nkhongoleyo inatengedwa mwachinyengo, inu mulibe nayo mangawa, ndalama zodulidwa zibwezedwa, ndipo auza a CRB kuti aifafanize. Kusiyana kwake ndi mawu ochepa, koma ndaona anthu akubwerera patatha zaka chifukwa cha mawu ochepa omwewo.

Tibwerere ku reji. Mukapita ku ofesi yolembetsa nzika ndi lipoti la apolisi adzakupatsani khadi lina, koma nambala ndi yomwe ija munalandira muli ndi zaka 16, ndipo malipiro anu, penshoni, nambala ya msonkho ya TPIN ya ku ZRA, inshuwaransi ya chipatala ya NHIMA, zonse zamangidwa pa nambala imeneyo. Kutanthauza kuti khadi lakale likadali kunja kuno, ndipo lingagwiritsidwenso ntchito chaka chamawa. Boma linayamba ntchito ya zitupa zatsopano zodalira zidindo za zala ndi nkhope, koma inu musadikire zimenezo. Zolowerani kuyang'ana. Pesilipi muziiwerenga mzere ndi mzere, osangothamangira nambala ya pansi. Ngati muli pa NAPSA, bungwe la penshoni, lowani mu akaunti yanu muone ngati nambala ya foni ndi akaunti ya banki zolembedwamo zili zanu. Kuyambira 2023, pamene analola anthu kutapako 20 peresenti ya zosunga zawo asanapume, akaunti zimenezi zasanduka nyama yonona kwa akuba. Uzaninso banki yanu molemba kuti reji yanu inabedwa, kuti aliyense wofuna kusintha nambala ya foni pa akaunti yanu aonekere yekha.

Izi sizikhudza a pa malipiro okha. Kumidzi kwathu kuno mareji amasonkhanitsidwa ngati mtedza: a kopaletivu akuti tikulembetseni feteleza wa boma wotsika mtengo wa FISP, wina akuti kukubwera bungwe lothandiza amasiye, chisankho chikayandikira enanso akubwera ndi kope lawo. Agogo amamasula pa mpango n'kupereka, khadi likagona kwa munthu sabata yathunthu. Pofika nthawi yotenga feteleza, akuuzidwa kuti mwatenga kale. Mukapita kumudzi, awuzeni makolo kuti reji imaonetsedwa, mwini ali pomwepo, siigonera kwa munthu.

Olondola nkhongole akaimbanso, musakangane nawo. Auzeni kuti nkhongoleyi yatsutsidwa molemba, OB yake ndi yakuti, alankhule ndi ofesi yawo. Lembani tsiku, nthawi, nambala ndi zimene anena, mameseji musafufute. Akayamba kuopseza kapena kuimbira anzanu a kuntchito, zimenezo zilowe m'dandaulo lopita ku Bank of Zambia. Chenjeraninso ndi gulu lachiwiri, limene limanunkhiza anthu ovulala kale. Adzaimba mwaulemu, akudziwa dzina lanu ndi vuto lanu, akuti ndife a ku likulu, tikufuna kukubwezerani ndalama, tiwerengereni kanambala kamene kabwera pa meseji. Winanso adzati ali ndi mnzake ku CRB, mum'patse kangachepe akufufutireni dzina. Palibe wa kubanki, wa kampani ya foni kapena wa boma amene amafunsa pini kapena kanambala ka pa meseji. Dulani foni, muimbe nokha 111, nambala yothandizira makasitomala ya kampani ya foni yanu, kapena mupite ku ofesi.

Za abambo kunyumba, ine si nkhoswe yanu, koma ndinenepo. Musawaweruze msanga. Nkhongole zobisa zaphwanya mabanja ambiri m'tauni muno, ndipo munthu akaimbiridwa ndi mlendo kuti akazi anu akuthawa nkhongole, mtima umayamba kuthamanga nzeru zisanafike. Mawu anu okha sangawakhazike pansi, monga sanakhazikire pansi kalaliki uja. Atengeni. Akhale pambali panu kupolisi, aone mukulumbira kukhoti, awerenge okha sitetimenti ya kubanki. Munthu wokongola mobisa sapempha kuti apolisi alondole kumene ndalama zinapita, ndipo abambo adzaziona okha zimenezo popanda inu kuwauza.

Mukonzekerenso kuti mapazi a ndalama aja angakufikitseni pakhomo lodziwika. Si nthawi zonse wakuba wotere kukhala mlendo weniweni. Nthawi zina ndi mnzako wa mu stafu rumu amene unamutuma kukakusindikizira pesilipi, mlamu, mwana wa achemwali amene amakukonzera foni. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo akuluakulu a banja adzabwera madzulo kudzati tikambirane pachibale, kupolisi mukachotse. Kukhululuka ndi kwanu, palibe angakuletseni. Koma dziwani chimene mukugula. Mukachotsa nkhani kupolisi kampani isanakupatseni kalata yokuyeretsani, nkhongole yonse ibwerera pamutu panu, ndipo mawu akuti "ndizikupatsani mwezi ndi mwezi" amatha mwezi wachiwiri. Ngati banja lifuna kumupulumutsa, lisonkhe ndalama, akavomere yekha molemba kwa obwereketsa, alipire m'dzina lake, inu mulandire kalata yanu ndi zomwe anakudulani. Zachibalezo zibwere pambuyo pake.

N'chifukwa chakenso ndati Facebook iyambe yaima. Lero simukudziwa amene anachita izi. Mukatchula munthu kapena kampani kuti ndi akuba musanagwire umboni, mwawapatsa chokusumirani, ndipo malamulo a milandu ya pa intaneti, amene anakonzedwanso mu 2025, sasekerera zolemba zotere. Komanso mukhala mwachenjeza wakubayo kuti ataye simu. Choipa china, anthu pofuna kuonetsa kuti akunena zoona amajambula pesilipi ndi reji n'kuziika poyera, kupereka kwa dziko lonse zomwe wakuba woyamba anachita kuvutikira. Chimene mungalembe, ndipo mulembe lero, ndi uthenga waufupi kwa abale, a kumpingo ndi aphunzitsi anzanu: foni yanga inabedwa mu Epulo, aliyense amene analandira meseji yopempha ndalama m'dzina langa andiuze, ndipo musatumize kanthu musanamve mawu anga.

Popeza mumachokera kutali, pemphani ahedi tsiku limodzi la pakati pa sabata, mulawirire. Yambani ndi ofesi ya foni ikangotsegulidwa, mizere isanatalike, kenako banki, polisi, khoti, ndipo obwereketsa mumalizire, mutanyamula zonse. Gulani fayilo ya pulasitiki ndi kope laling'ono lolembamo tsiku, ofesi, dzina la amene mwalankhula naye ndi zomwe walonjeza. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu, muzisiya makope okha. Ndipo kope lililonse la reji limene musiye, kuyambira tsiku limenelo, muzilemba ndi bolopeni modutsa pakati pake, osaphimba nambala: laperekedwa kwa akutiakuti, pa ntchito yakuti, tsiku lakuti. Akalaliki ena adzakwinya nkhope n'kunena kuti mwaononga pepala. Auzeni kuti likuwerengeka, alandire.